Pampu ya a Ignasio ndi homuweki ya Thoko

Tiyambe tachotsa bodza panjira, lingatipunthwitse. Si zoona kuti a Ignasio, akabaza aja a pasiteji ya ku Nguludi, anamenya mphunzitsi ndi pampu ya njinga. Nkhaniyi mwaimva kuchigayo, mwaimvanso pamzere wa kuchipatala, ndipo amene anakuuzaniyo analumbira kuti anaona ndi maso ake. Ikafika ku Boma, mphunzitsiyo amakhala ataguluka dzino. Ikakwera minibasi ya ku Limbe, amakhala atagonekedwa masiku atatu. Bodza limanenepa paulendo. Pampu inalipodi, mphunzitsi anagwadi pansi, ndipo mayi wina anatulukiradi pazenera. Koma palibe amene anamenyedwa. Khalani pansi mumve mmene zinayendera.

A Ignasio kwawo ndi cha ku Magomero. Sukulu anailekera mu sitandade 4, chaka chimene bambo awo anamwalira, mbuzi n'kusowa woziweta. Mukawafunsa iwo, amati anasiya okha ataona kuti aphunzitsi alibenso chatsopano chowauza. Anathyolako tiyi ku Thyolo, anaumbako njerwa, anagulitsako makala, mpaka anapeza njinga yakuda imene ali nayo leroyi, yachikale, yolemera ngati ng'ombe. Pampu yawo yoyamba inabedwa sabata isanathe, ataisiya pafelemu n'kulowa m'sitolo kukagula machesi. Kuyambira tsiku limenelo pampu sikhala panjinga, imakhala m'khwapa. Kumsika ili m'khwapa. Kumaliro ili m'khwapa. Ku Misa amaigoneka pansi pa benchi n'kupondapo phazi, ndipo pokalandira Ukalistia amainyamula. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Anakwatira Ellina, wa mudzi wina kuseri kwa mishoni, n'kukakhala komweko chikamwini monga timachitira kuno. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a apongozi awo, anabzala mitengo iwiri ya mapeyala, anakumbanso chimbudzi chimene anthu a m'mudzimo amachitamandira mpaka lero. Kenako kunabadwa Thokozile. Banjalo linatha mwakachetechete, popanda wogwidwa ndi mkazi wamwini, popanda mbale zosweka, zimene zinakhumudwitsa anthu ambiri okonda nkhani. Ellina anayamba geni ya tomato ku Limbe, maso ake n'kuyamba kuona patali. A Ignasio maso awo anali pa tayala la kutsogolo. Tsiku lina anangozindikira kuti m'nyumbamo mulibenso chokambirana kupatula zoti mchere watha. Tsono mkamwini banja likatha sasenza nyumba pamutu, sazula mapeyala, ndipo mwana ndi wa kuchikazi. Anatuluka ndi bulangeti, njinga ndi pampu. Thoko anali ndi zaka zisanu.

Ankhoswe atawafunsa ngati ali ndi mawu otsiriza, anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti mwana akayamba sukulu azimunyamula ndi iwo, popita ndi pobwera. A kuchikazi anayang'anana n'kuseka chamumtima. Munthu kupempha yekha ntchito yaulere! Anavomera msangamsanga asanasinthe maganizo. Sanadziwe kuti wochenjera pabwalopo anali ndani.

M'mawa ulendo unali wothamanga, pakuti belu la sukulu silidikira munthu. Koma masana! Kuchokera kusukulu kukafika kwa Ellina ndi mphindi makumi awiri, ngakhale tayala litaphwa. A Ignasio ankayendapo ola ndi theka. Ankakhotera kubwalo lakale la mpira, kuseri kwa minda ya nandolo, kumene kuli mtengo wa mango wosabereka koma wa mthunzi wabwino. Pamenepo ankatulutsa nzimbe, kuisenda ndi kampeni, kuidula timagawo tokwana m'kamwa mwa mwana. Thoko ankatafuna uku akusimba za tsikulo: amene anamenyana, amene anataya nsapato, amene anakodza m'kalasi n'kunamizira botolo la madzi. Bambo ake ankamvetsera ngati akumva uthenga wa pawailesi, kufunsa mayina, kukwiyira olakwa, kuiwala kuti olakwawo ndi a zaka zisanu ndi chimodzi.

Nzimbe ikatha, inkakwana nthawi ya njinga. Mwana wa msinkhu umenewo safika pachishalo, ndiye amalowetsa mwendo pansi pa felemu, njinga n'kupendekera uku, iye n'kupendekera uko ngati nkhanu. A Ignasio ankagwira kaliyala kumbuyo n'kumathamanga chowerama, pampu ili m'khwapa.

"Ababa, musasiye!"

"Ndagwira, mayi. Yang'anani kutsogolo, pansi palibe chanu."

"Mwasiya! Ndaona mwasiya!"

"Ndisiye ndipite kuti?"

Nthawi yonseyo makasitomala ankadikira pasiteji, anyamata a njinga zamoto n'kumawatola mmodzimmodzi. A Ignasio analibe nazo ntchito. Nyumba anaisiya, mapeyala akudya ndi ena, koma ola limenelo linali lawo, ndipo matayala awo anapanga kanjira kawokawo pakati pa udzu wa bwalolo.

Thoko atakhoza kupita sitandade 2, geni ya tomato inali itayenda bwino. Ellina anamuchotsa kusukulu ya boma n'kukamulembetsa ku pulayiveti ija ya mpanda wa malata, imene dzina lake sititchula chifukwa eni ake timapemphera nawo. Kumeneko ana amavala tayi. Tsiku loyamba a Ignasio, munthu amene dzanja lake limadziwa kulemera kwa thumba la chimanga osaliika pasikelo, ananyamula chikwama cha mwana n'kufunsa ngati waba njerwa.

Munali homuweki. Osati ya kamodzi pasabata ayi, ya tsiku ndi tsiku, makope anayi. Masamu makumi atatu. Mawu a Chingerezi khumi ndi asanu, lililonse kulilemba kasanu. Tsamba lathunthu lokopera m'buku. Kujambula nsomba n'kulemba mayina a ziwalo zake, mwana amene nsomba amaiona itauma kale pamsika, yopanda ndi maso omwe.

Tsiku loyambalo a Ignasio anachita ngati sanaone, n'kukhoterabe kubwalo. Dzuwa linalowa Thoko ali pa samu ya nambala 17, ndipo kwa Ellina kulibe magetsi. M'mawa mwake Madamu Angela, mphunzitsi wa kalasiyo, anamugwaditsa kutsogolo pamodzi ndi ena osamaliza. Masana Thoko anatuluka pageti maso ali psuu, mawondo ali mbuu.

"Ababa, lero tingopita kunyumba."

Mawu amenewo anawalasa kuposa onse amene anamva pabwalo la ankhoswe. Atafika kumudzi anapeza Ellina ataima pakhonde, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Thoko, mwana azifika pano dzuwa likadali pamutu. Sukulu iyi si yamasewera. Mukufuna adzathere mu folo ngati anthu ena?"

"Anthu enawo ali ndi dzina, mayi a Thoko."

"Ndiye kuti mwalidziwa."

Ola ndi theka linasanduka mphindi makumi awiri, ndipo mphindi zakezo mwana ali kumbuyo. Wakabaza saona nkhope ya amene wamunyamula. Ankangomva timanja tiwiri titagwira malaya m'chiuno, nthawi zina kamutu kakugunda pamsana chifukwa cha tulo. Akafika pamphambano ya kubwalo, njinga inkafuna kukhota yokha, iwo n'kuiwongola. Anayesa kupalasa pang'onopang'ono mpaka amayi osenza nkhuni kumawapitirira. Anayesa kuima n'kunama kuti tcheni yagwa.

"Ababa, tcheni sinagwe. Ndikuiona. Ndili ndi masamu sate."

Mutu umodzi susenza denga, choncho nkhaniyi inafika pasiteji. Pamenepo pali a Gregorio, mkulu wa siteji, amene mayeso a sitandade 8 anawalemba katatu, ndiye amati sukulu amaidziwa kuposa amene anangodutsamo kamodzi. Palinso Mubarak, wa njinga yamoto, mwini foni yotha kuwerengera masamu.

"Vuto lanu n'lochepa, achimwene," anatero a Gregorio. "Katundu akalemera timatani? Timagawana njinga ziwiri. Chikwamacho muzichisiya pano. Chingerezi ndi changa, masamu apite kwa Mubarak ndi foni yakeyi. Inu muzipita kubwalo kwanuko."

"Nanga Madamu saona kuti walemba ndi munthu wamkulu?"

"Zolemba za a Gregorio ndi za mwana kale," anatero Mubarak. "Nkhuku ikapalasa pamchenga imalemba zooneka bwino."

"Iwe, ine ndinayamba kugwira pensulo amako asanakumane ndi abambo ako."

Anagwirizana chomwecho. A Ignasio ankafika ndi mwana, kusiya chikwama pabenchi ya pansi pa mtengo, n'kupita kubwalo. Pobwerera ankapeza makope anayi atadzaza. Kwa Ellina anakanena kuti mwana akumalembera pasiteji moyang'aniridwa ndi a Gregorio, zimene zinali zoona mbali imodzi. Ellina anaona masamu onse olembedwa, n'kukhutira. A Ignasio mbali yawo inali kumata machubu a anzawowo ndi kuthira mafuta m'matcheni.

Masabata atatu amenewo anali a paradizo. Kanjira ka kubwalo kanaonekanso. Thoko anafika pomapalasa kanayi, kasanu, njinga isanagwedezeke. Pasiteji napo panasintha. Mayi wina wochokera kuchipatala anaima nthawi yaitali kufuna wokamutula, a Gregorio osadzutsa mutu. "Dikirani kaye mayi, ndili pa nambala 12." Madoda a ndevu ankakangana za ziwalo za nsomba mpaka kutsala pang'ono kugwirana malaya.

Amene sanasangalale kwenikweni anali mwini homuweki. Tsiku lina ali pakati potafuna nzimbe anaima.

"Ababa, kodi zimenezi si tchimo?"

"Ngati ndi tchimo, ndi la a Gregorio. Akalapa okha Loweruka."

Thoko anawayang'ana ngati mmene amayi ake amayang'anira tomato wofewa, koma njinga inali pomwepo, ndiye anakwera.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madamu Angela anali ataona kale zala za gilisi m'mphepete mwa masamba. Anali atamvanso kuti kope la masamu likununkha petulo, ndi kuti Chingerezi chikulembedwa mwamphamvu mpaka pensulo kuboola pepala. Ankangodikira. Chimene chinaphulitsa nkhani ndi funso la phunziro la maulendo: njinga yamoto imanyamula anthu angati? Tsiku limenelo a Gregorio anali atanyamula kasitomala, kope n'kugwera Mubarak. Iye sanafunse foni. Analemba zimene amadziwa: "Anayi ngati kutsogolo kulibe apolisi. Asanu ngati wina ndi mwana."

Akuti Madamu anakasekera mu ofesi mpaka kupukuta misozi, kenako n'kutuluka nkhope ili gwaa. Anaitanira Thoko kubolodi, n'kumupatsa samu imodzi mwa zimene anakhoza dzulo lake. Samuyo inamukanika. Mwana anaulula zonse, mayina omwe, ndi mtengo umene amakhala pansi pake.

Ellina anatsika minibasi ya ku Limbe kalata ya Madamu ili m'manja, dengu lopanda kanthu lili pamutu, n'kulunjika pasiteji.

"Ndani mwa inu ndi Thokozile wa sitandade 2?"

A Gregorio anayamba kuwerenga masipoko a njinga yawo. Mubarak analiza njinga yake n'kuthawa wopanda kasitomala.

"Mayi a Thoko, tikambirane pambali."

"Pambali pati? Manyazi mwandichititsa pagulu, ndikubwezerani pagulu. Ine ndikudzuka tambala asanalire, kukapsa ndi dzuwa ku Limbe kuti mwana aphunzire, inu mukuphunzitsa madoda a imvi ziwalo za nsomba?"

"Ine ndimangofuna..."

"Mumafuna chiyani?"

A Ignasio anangosamutsira pampu m'khwapa lina. Akanati chiyani pamaso pa siteji yonse, pamaso pa ogulitsa mandasi ndi odikira minibasi? Kuti mwamuna wa zaka makumi anayi akulirira ola limodzi?

"Kuyambira mawa aziyenda wapansi pamodzi ndi ana a achemwali anga. Njinga yanuyo izinyamula makala."

Apa ndiye anataya ndi mphindi makumi awiri zomwe. Mwezi wathunthu a Ignasio ankati nthawi yoweruka ikakwana, n'kukaimika njinga pakona ya sitolo, kumene ana a matayi amadutsa. Thoko ankabwera pambuyo pa anzake atawerama ndi chikwama ngati wosenza mtolo wa nkhuni. Sankatembenuka, poopa kuti abale akewo akanena kunyumba. Ankangogwedeza kadzanja cham'munsi, pafupi ndi siketi. Iwo ankaliza belu kamodzi, ngati kuti chala chaterereka. Nzimbe ankagulabe, dzanja linazolowera, koma inkauma pakaliyala mpaka a Gregorio kuimvera chisoni n'kuidya. Tsiku lina a Ignasio anapita okha kubwalo kuja. Anapeza mbuzi za eni zitagona pansi pa mtengo wa mango, kanjira katamera chisoso. Anakhalapo pang'ono, osadziwa chochita ndi manja awo, n'kupopa tayala limene linali lolimba kale.

Kumapeto kwa teremu kunali msonkhano wa makolo. Kalata yoitana inapita kwa Ellina, a Ignasio sanaitanidwe. Anavala malaya a ku Misa, anapinda chubu chakale n'kuchiika m'thumba, pampu m'khwapa monga mwa nthawi zonse, n'kukakhala pabenchi ya kumbuyo. Kalasi inadzaza. Kutsogolo kunali mwini sukulu, ndipo pambali pa tebulo panakhala Madamu Angela, akuyang'ana zikhadabo zawo.

Nkhani ya homuweki itafika, makolo anaimirira mmodzimmodzi kuiyamikira. "Ife sukulu yabwino timaidziwira pa homuweki," anatero bambo wina wa jekete. "Mwana akabwera wopanda cholemba, ndiye kuti kusukuluko amakatani? Kudya phala?" Anthu anaomba m'manja. Bambo yemweyo anapempha kuti iwonjezedwe ina ya Loweruka, kuti ana asamangoyendayenda. Ambiri mwa oomba m'manjawo makope a ana awo sanawatsegulepo chiyambire, koma chikwama cholemera chimaonekera patali, ndipo aneba amaona.

A Ignasio anakweza dzanja. Tsoka lake linali dzanja la pampu.

"Ndine bambo ake a Thokozile. Sukulu ndinalekera mu folo, musavutike kunong'onezana, ndanena ndekha. Za homuweki ya a Gregorio ndinalakwa, Madamu mundikhululukire. Koma ndili ndi funso. Mwana wa zaka seveni, homuweki yomuyenera ndi yochuluka bwanji?"

"Yochuluka ndiye yabwino, bambo," anayankha mwini sukulu. "Mwana amalimba nayo."

"Chabwino."

Anapita kutsogolo, anatulutsa chubu chija, analumikiza pampu, n'kuyamba kupopa. Anthu anatalikitsa makosi.

"Ichi ndi chubu. Chopanda mpweya sichiyenda, zimenezo ndikuvomera, ndiye timapopa. Mwaona apa? Apa chakwana. Wakabaza amadina ndi chala, akamva kuti chalimba koma chikubwerera, amasiya. Mwananso ndi chimodzimodzi. Timasamu tisanu, timawu tingapo, zoti amalize mbatata isanapse pamoto. Kenako adzuke, akathamange, akaone anthu. Koma inu mukuti yochuluka ndiye yabwino."

Anapitiriza kupopa. Cholinga chawo, analumbira pambuyo pake, chinali choti chikangotupa asiye, anthu aone okha. Koma chubu chopanda tayala chimatupa mbali imodzi ngati njoka yomeza mwanapiye, ndipo ichi chinali ndi zigamba khumi ndi chimodzi. Choipa kwambiri, maso awo sanali pachubu. Anali pa mzere wachitatu, pamene panakhala Ellina.

"Bambo a Thoko, basi," anatero Ellina chapansipansi.

Phuu!

A kumbuyo anayesa mfuti. Mabenchi anagubuduzika, mayi uja anatulukira pazenera, bambo wa jekete anali woyamba kufika pageti. Madamu Angela, amene anali pafupi kwambiri, anadzidzimuka n'kugwa chagada pamodzi ndi mpando, chigongono n'kusupuka pasimenti. Amene anacheuka ali pakhomo anaona chinthu chimodzi: mphunzitsi ali pansi, a Ignasio atawerama pamwamba pawo, pampu ili m'manja. Munthu ankafuna kuwadzutsa, koma pampu akanaisiya pati, anthu akuthawa chonchija? Bodza lanu lija linabadwira pamenepo.

Zimene othawawo sanamve ndi izi. Madamu atakhala tsonga, akupukuta chigongono ndi mpango, anawayang'ana a Ignasio, osakwiya n'komwe.

"Bambo, ine ndili ndi ana fote eyiti. Aliyense makope anayi. Mukuganiza amachonga ndani? Inenso dzuwa limandilowera ndili pamakope, wanga wamng'ono akulira pambali. Ndikangochepetsa, makolo omwewa amabwera kudzanena kuti ndine waulesi."

"Ndiye kuti tonse tapopedwa, Madamu."

"Tengani zigamba zanuzo muzipita, mwini sukulu asanabwerere."

Msonkhano unapitirira panja, pansi pa mtengo, ndi amene analimba mtima kubwerera. Anagwirizana kuti homuweki ikhale mmene ilili. Ya Loweruka yokha ndi imene inafa, chifukwa mwini ganizolo anali atafika kale kwawo. A Ignasio anauzidwa kuti asadzalowenso pageti ndi pampu, zimene kwa iwo n'chimodzimodzi kuwauza kuti asadzalowenso. Mukawerenga bwino, anagonja.

Koma akuti Ellina atafika kunyumba, dzuwa likadalipo, anapeza Thoko pamkeka pakhonde atagona tulo, tsaya lili pakope, pensulo ikadali m'dzanja, pa samu ya nambala 22. Ana ena ankasewera fulaye kuseri kwa nyumba, phokoso lonselo osamudzutsa. Ellina anaima nthawi yaitali. Zimene anaganiza sizikudziwika, chifukwa Ellina sagawa maganizo ake ngati tomato wa basera. Chodziwika n'chakuti teremu yatsopano itayamba, Lolemba m'mawa, anadutsa pasiteji dengu lili pamutu, n'kulankhula osaima, osatembenuka.

"Lachisanu lokha. Homuweki ya Lachisanu azilemba Loweruka, yekha, ine ndikuona. Ndipo a Gregorio asayandikire pensulo."

"Ndamva, mayi a Thoko."

"Chubu chija chinali chakalekale."

"Chinali ndi zigamba leveni."

Ellina anakoka nsonga ya chitenje n'kubisa pakamwa, ngati wotsokomola, n'kukwera minibasi. Madamu Angela nawo, osauza munthu, Lachisanu anayamba kupereka makope awiri m'malo mwa anayi. Makolo sanazindikirebe, ndipo inunso musakawauze.

Tsopano sabata ya a Ignasio ili ndi tsiku limodzi. Lolemba mpaka Lachinayi amangonyamula anthu ndi matumba, kuliza belu kamodzi pakona ya sitolo, kuwerenga masiku chobwerera. Lachisanu amatsuka njinga m'mamawa, mpaka masipoko, n'kusankha nzimbe ngati akusankha mkazi. Amadikira kunja kwa geti, poti pampu ndi yoletsedwa m'kati.

Lachisanu loyamba lomwelo, akuthamanga kumbuyo atagwira kaliyala, anamva chinthu m'dzanja. Njinga inapepuka. Sinkawakokanso uku ndi uko, inkangoyenda yokha, mowongoka. Wakabaza aliyense amadziwa tanthauzo lake: mwana wadziwa, yakwana nthawi yosiya. A Ignasio anayang'ana zala zawo, n'kuzilimbitsa. Mwana wodziwa kupalasa yekha, wakabaza amamufuniranji?

"Ababa, musasiye!" anafuula Thoko, koma m'mawu mwakemo munalibe mantha ngakhale pang'ono.

"Ndagwira, mayi."

Chaka chatha tsopano akuphunzirabe. A Gregorio amawaseka tsiku lililonse. "Achimwene, mwana wanu uja sanadziwebe? Ikanakhala mbuzi bwenzi pano ikunyamula makasitomala."

"Njinga imafuna kudekha, madala."

Miyendo ya Thoko ikutalika, posachedwa afika pachishalo. Makalasi a kutsogoloko amaweruka mochedwa, makope ake ndi asanu ndi limodzi, ndipo Ellina wayamba kale kufunsa za sukulu zogonera komweko. A Ignasio zonsezi akuzidziwa. Sazitchula. Lachisanu likafika amangowerama, pampu m'khwapa, n'kumathamanga kumbuyo kwa njinga imene sikufunanso wogwira, mwana naye n'kumapendekera dala pang'ono kuti bambo ake akhale ndi chogwirira.

Zoona zake n'zakuti a Ignasio sanamenye munthu, anangopita kukapempha kuti homuweki iwasiyireko mwana wawo ola limodzi.